Bwalo limene tinapalira helikopita

Ku Mkanda, zaka zoyambirira za matipate, ndege tinkangoziona m'mwamba. Ine ndi mnzanga Yohane, mwana wa tenanti wa pa esiteti ya fodya, tinkakangana za izo tsiku ndi tsiku poweruka kusukulu. Ine ndinali mbali ya ndege zonyamula anthu, zija zinkadutsa patali kulowera ku Zambia zikusiya mzere woyera. Yohane ankati imeneyo ndi basi chabe yomera mapiko. Kwa iye ndege yeniyeni inali ya asilikali, yotera paliponse ngati khwangwala. Tonsefe tinali tisanaonepo ndege ili pansi.

Tili Sitandade 6, ahedi analengeza kuti helikopita ya asilikali idzatera pabwalo lathu la mpira, itanyamula nduna yodzatsegula mdadada watsopano wa makalasi. Kwathu mlendo salandiridwa pa udzu, choncho analamula kuti bwalo lonse lipalidwe. Olimbikira adzaima mzere wakutsogolo.

Mzere umenewo ndinkaufuna ndi mtima wonse. Ndinapala masiku atatu ndi khasu la amayi, dzuwa la Okutobala lili pamsana, mpaka matuza anaphulika. Atsikana anasesa, bwalo n'kukhala lofiira, losalala. Yohane anajomba tsiku lachiwiri, ankathandiza bambo ake kuthirira nazale ya fodya. Chilango chake chinali kukaima kutali, pachulu cha kuseri kwa golo.

Tsiku lofika nduna, ndili pamzere wakutsogolo, tinayamba tamva kugunda kwa helikopitayo m'chifuwa. Ndinaona kadontho kakuda pamwamba pa mitengo ya bulugamu, kenako dziko lonse linafiira. Fumbi linatilowa m'maso, m'mano, m'makutu. Kwaya inasiyira nyimbo pakati n'kuyamba kutsokomola. Ndinagwada, nkhope ndabisa m'malaya. Mmene ndinkatsegula maso, akuluakulu anali ataizinga kale, ine ndikungoona misana ya majekete.

Ndinamva woyendetsa akufunsa, "Wapala udzu pano ndani?"

"Ana athuwa, bwana, masiku atatu!" anayankha ahedi monyadira.

"Aphunzitsi, udzuwo ndiye umagwira fumbi. Mukanangousiya."

Nthawi yonyamuka anatilowetsa m'kalasi n'kutseka mazenera.

Yohane anaona zonse ali pachulu paja. Pobwerera anandifotokozera mmene inapendekera isanatere, ndi mmene mapiko ake anagwera pansi pang'ono ataima.

"Yonyamula anthu singachite anthu chipongwe chotere," ndinatero, ndikulavula dothi.

"Ingatere pati kuno? Pamutu pakopo?"

Masiku ano ana anga amaona ndege pafoni, mkati ndi kunja komwe, ndipo sindinawamvepo akukanganira. Ine ndapitirira zaka makumi anayi. Ndege yokhayo imene inaterapo pafupi nane ndimaidziwa m'mawu a Yohane, koma ana akandifunsa ndimaifotokoza ngati ndinaiona ndekha.