Buku la kuchipatala la alamu anga

Ndinali mzamba pa kachipatala kena ku Area 2, kuseri kwa mashopu a nsalu. Tsiku lina masana chitseko chinatseguka, kuyang'ana ndi alamu anga, mkazi wa achimwene. Ankayesa ndili patchuthi. Anafuna kubwerera koma ndinawagwira dzanja.

Anali atapita padera katatu, ndipo komalizako anataya magazi mpaka tonse tinangoti basi. Dokotala anati thupi lipume zaka ziwiri. Achimwene, bwana wa m'boma wa ana aakazi okhaokha, ankafuna mwana wamwamuna chaka chomwecho.

"Alamu, ndiikeni yolera ya pamkono," anatero. "Koma achimwene anu asamve."

Ndinawaika, n'kulemba m'buku lawo monga ntchito imafunira. Thupi ndi lawo, chinsinsi n'chawo, timalumbira zimenezo. Koma palibe anatiphunzitsa kudya pa tebulo la mchimwene wako utasenza zotere. Lamulungu lililonse ndinkapita kwawo ku Area 10, n'kumadya mpunga maso ali pa geti.

Patatha miyezi isanu achimwene anandiitanira pakhonde. Anali atalipeza bukulo m'chikwama cha akazi awo.

"Zolemba zanuzi ngati nkhuku yapalasa. Tandiwerengera, vuto n'chiyani kuti mimba isamabwere?"

Zinandinyansa, bambo wamkulu kupisa m'chikwama cha mkazi. Ndinachitanso mantha. Ndikanatha kunama kuti ndi mavitamini, nkhani n'kuthera pomwepo. Lilime linakana.

"Achimwene, bukuli lili ndi mwini wake. Sindingawerenge iwo asanalole."

Achimwene anati, "Ndiye kuti muli nkhani."

Analowa m'nyumba. Ndinamva chitseko cha kukhitchini, kenako mbale kusweka. Ndinatola chikwama changa, n'kuyenda wapansi mpaka ku City Centre, basi iliyonse ndikungoisiya idutse. Njira yonse ndinkadzitsutsa ndekha. Sindinaulule, sindinaname, lamulo sindinaphwanye.

Sabata yotsatira alamu anabwera ku chipatala, achimwene akudikira m'galimoto panja. Anapinda dzanja la bulauzi osandiyang'ana.

"Chotsani."

"Mwafuna nokha?" ndinafunsa, monga timafunsira mayi aliyense.

"Ndafuna ndekha."

Ndinafunsanso kachiwiri, ndikuwapempha ndi maso. Anabwereza mawu omwewo. Ndinasamba m'manja, n'kuchotsa.