Nyimbo ya Chaka cha Malita

Maganizo opita ku Halale anandigwira tsiku limene ndinachoka pa msika wa fodya wa pa Nsaru manja ali lendelende. Fodya anagulidwa ndithu, koma nditapatula za msonkho, zotsalazo sizikanakwana ngakhale nsalu yoberekera mwana. Mkazi wanga Nabanda anali ndi pakati, mimba yake yoyamba. Ine ndinali mkamwini kwawo, ndikulima munda wa apongozi, pamene anzanga amene tinakulira limodzi anali atayamba kubwera kuchokera ku Halale ndi njinga, majekete ndi nsapato zolira.

Ndinamuuza ali pakhonde, akuswa mtedza.

"Dikirani mwanayu abadwe kaye," anatero osadzutsa mutu. "Mumuone nkhope, kenaka muzipita."

"Ndikadikira ndikapeza malo atadzaza. Chaka chimodzi chokha, aNabanda."

"Onse amati chimodzi."

Anandikazingira chimanga ndi mtedza womwewo, nandiperekeza mpaka pa msewu. Kumeneko kunali kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950, Chitaganya chisanabwere. Tinakwera lole ku Lilongwe, kudzera ku Dedza, kuwoloka Zambezi pa Tete, titapanikizana ngati matumba. Lero ana amati Halale ndi pafupi, basi imanyamuka m'mawa. Kwa ife kunali kutsidya kwa dziko.

Ntchito ndinaipeza m'shedi ya fodya, yonyamula mabelo. Tinkagona m'nyumba za amuna okhaokha, mabedi osanjikiza, aliyense sutikesi yake kumutu. Mnzanga wa bedi la pamwamba anali Jelemiya wa ku Kabudula, munthu wokonda kuseka, amene anali atatha kale zaka zambiri kumeneko ndipo mkazi wake kumudzi anali atakwatiwa ndi wina. Iye ndiye anandiphunzitsa chinenero cha pantchito, komanso kuti munthu usamayende wopanda chitupa m'thumba ngakhale ukupita kuchimbudzi.

Chimene chinandidabwitsa ku Halale si nyumba zosanja kapena magetsi, koma nyimbo. Kwathu nyimbo inkafuna anthu, ng'oma ndi bwalo. Kumeneko inkatuluka m'bokosi. Pakhomo pa sitolo iliyonse ya mmwenye panali galamafoni, mnyamata akupukusa, anthu ataima mumsewu kumvera ulere. Chaka chimenecho kunatchuka magitala a anthu awiriawiri, wina kukhwekhwereza nsambo zazikulu, wina kuliza zazing'ono, kumbuyo wina akugogoda botolo ndi msomali. Kunalinso nyimbo za malipenga a chitsulo zimene ankavina m'maholo a mowa, mwamuna ndi mkazi atagwirana m'chiuno masanasana, zimene kwathu zikanafika pa bwalo la milandu. Mawu ake ambiri sindinkawamva, koma miyendo inkamva.

Uthenga wa kubadwa kwa mwana unandipeza nditatha miyezi ingapo. Anaulemba ndi aphunzitsi a pa sukulu ya mpingo, chifukwa Nabanda sankadziwa kulemba. Unali waufupi: kwabadwa mwana wamkazi, dzina lake Malita, mayi ake ali bwino pang'ono. Ndinawerenga, ndinawerenganso, Jelemiya nandilanda n'kuwerengera nyumba yonse mokweza. Loweruka lake ndinapita ku sitolo n'kugula mbale ya nyimbo imene inali pakamwa pa aliyense chaka chimenecho, ya magitala awiri, yonena za mtsikana wa m'tauni wokana kuyenda pansi. Galamafoni ndinalibe. Jelemiya anaseka mpaka kutsokomola.

"Wagula goli ng'ombe ulibe, eti?"

"Ndi ya mwana wanga," ndinatero. "Akadzakula adzamve zimene dziko linkaimba iye akubadwa."

Ndinaikulunga m'malaya n'kuiika pansi penipeni pa sutikesi, chifukwa mbale za nthawi imeneyo zinkasweka ngati phale.

Chaka chimodzi chija chinabala chinzake. Sindinganene kuti ndinaiwala kwathu, koma nthawi iliyonse ndikati ndinyamuke pankakhala china. Chaka china ndinadwala chifuwa cha fumbi la fodya ndipo zonse zimene ndinasunga zinathera pamenepo. Chaka china akuba anatsegula masutikesi athu tili kuntchito, anatenga bulangete ndi nsalu zimene ndinagulira Nabanda, mbale ija anaisiya. Kubwerera kumudzi ndi sutikesi yopepuka kunkandichititsa manyazi kuposa kukhala. Ndalama ndinkatumiza ndi anthu opita kwathu. Zina zinkafika, zina zinkathera m'njira. Makalata ochokera kumudzi ankanena za mvula, za mbuzi, za denga lodontha. Mwana akukula. Mwana wayamba kuyenda. Mwana akufunsa. Lamulungu masana, anzanga akapita kumowa, nthawi zina ndinkatsala ndekha pabedi, n'kutulutsa mbale ija kumangoiyang'ana, kuyesa kuganiza nkhope ya munthu amene sindinamuonepo.

Ndinabwerera Chitaganya chitakhazikika kale, mvula ili pafupi kugwa. Kapitawo wa m'shedi anandilola kupita, koma anati fodya watsopano akamayamba kulowa ndikhale nditafika, apo ayi malo anga apatsa wina. Ndinali nditagula galamafoni yogwiritsidwa kale ntchito ndi mbale zina zatsopano, za zitoliro za malata zimene anyamata a ku Joni anabweretsa. Ulendo wonse bokosilo linali pamiyendo panga.

Mudzi ndinaupeza wochepa kusiyana ndi umene unali m'mutu mwanga. Apongozi aamuna anali atamwalira. Nabanda anandilandira mwaulemu, atagwada, ngati mlendo wa mpingo. Anali ataonda, ndipo ankayankhula pang'ono kuposa kale. Kumbuyo kwake kunabisala kamtsikana kogweluka mano akutsogolo, kakundisuzumira ndi diso limodzi.

Tsiku lotsatira masana ndinaika galamafoni pampando pansi pa mtengo wa mango. Mudzi wonse unabwera, ena ochokera kutsidya kwa dambo. Ana ankasuzumira kumbuyo kwa bokosi kufuna anthu oimbawo. Anyamata anayesa kuvina monga ndinawaonetsera, fumbi koboo, amayi akuseka atagwira pakamwa. Ndinamva ngati zaka zonse zija zalipidwa. Ndipo ndinasintha singano, n'kutulutsa mbale ija m'malaya mwake.

"Malita, tabwera kuno, mwana wanga. Iyi ndi yako. Ndi nyimbo ya chaka chimene unabadwa."

Anasendera pang'ono, manja kumbuyo. Anamvetsera magitala aja mutu atapendeketsa mpaka mbale inatha. Kenaka anapukusa mutu.

"Si imeneyo ayi."

Anthu anaseka. Inenso ndinaseka. "Nanga ndi iti?"

"Ya chaka changa ndi ina. Anzanga amati inabadwira limodzi ndi ine. Timavina pa chimtali."

"Taimba timve."

Manyazi onse anamuthera. Anamanga kansalu kake m'chiuno, nayamba kuponda, nkhope ili mwee:

Ndabala awiri ine,
kumsana kuli mmodzi.
Winayo musandifunse,
watsata atate ake ku Halale.

Atsikana anzake analandira, manja akuwomba. Koma amayi akuluakulu amene ankaseka aja anaweramitsa mitu. Apongozi anga aakazi anati, "Iwe Malita, basi." Nabanda anadzuka, natenga ndowa, nalowera njira ya kudambo ngakhale mitsuko inali yodzaza.

Ine nyimboyo ndinkaidziwa. Anyamata a ku Kabudula anafika nayo ku Halale chaka changa chachiwiri, ndipo tinkaivina pa mganda Lamulungu, pa bwalo la kuseri kwa nyumba zathu. Ineyo ndinkaliza badza, chikho chija timaimbiramo pa mganda. Tikafika pa mawu akuti atate ake, amuna tonse tinkadziguguda pachifuwa n'kuseka. Ndinkayesa ndi mayi wina amene mnyamata wake wamkulu anathawira kuntchito. Sindinafunsepo kuti inachokera mudzi uti.

Ndinasiya galamafoni m'manja mwa alamu anga n'kutsatira Nabanda. Ndinamupeza atakhala pamwala pafupi ndi chitsime, ndowa ili pansi yopanda madzi.

"ANabanda, kodi nyimbo ija ndi ya yani?"

"Anali awiri," anatero. "Malita ndiye anayamba. Mnzake anali wamwamuna. Anayamwa masiku owerengeka, tisanatuluke m'chikuta anatisiya."

Ndinakhala pa udzu.

"Anakamuika ndi amayi okhaokha, monga mwa mwambo wake. Anandiletsa kulira. Anati mapasa sawalira, ukalira wotsalayo amatsatira mnzake. Anati ndisamutchule, ndipo aphunzitsi asalembe. Ndinamvera, chifukwa Malita naye anali kakang'ono ngati mbewa. Koma mkaka unkatuluka wa anthu awiri, aPhiri. Ndiye tsiku lina ndikusinja, zinangotuluka zokha pakamwa. Kuimba sanandiletse."

Anati amayi amene ankasinja nawo anailandira, poti pamtondo nyimbo siikhala ya munthu mmodzi. Atsikana anaimva, anaifulumizitsa, anaiikira ng'oma. Pofika nthawi yokolola inali itafika ku Mpingu ndi ku Namitete, kwa anthu osadziwa kuti Nabanda ndani.

"Ndinkapita ku ukwati n'kupeza anthu akuvina mwana wanga," anatero. "Poyamba ndinkathawa. Kenaka ndinazolowera. Ndinati bola akutchulidwa."

"Nafenso ku Halale tinkaivina," ndinatero. Sindikudziwa chifukwa chake ndinamuuza.

Anandiyang'ana koyamba chifikireni. "Ndiye kuti anakupezani."

Ndinafunsa ngati Malita akudziwa. Anati ayi, amangodziwa kuti ndi nyimbo ya chaka chake, adzamuuza akadzakula. Ndinafunsa chifukwa chake sananditumizire mawu mwamseri, ngakhale kudzera mwa munthu wapaulendo.

"Mukanabwera?"

Ndinayang'ana madzi a m'chitsime. Mpaka lero, nditakalamba chonchi, yankho la funso limenelo sindinalipeze, ndipo iye sanandifunsenso.

"Kandionetseni pamene anagona."

"Kumeneko amuna safika. Ndiponso palibe mtumbira. Panamera udzu kalekale, ngakhale ine ndimangoloza ndi maso."

Ndinamva ukali, koma wosowa woukalira. Ndinali nditasunga mbale zaka zonsezo ngati dzira, kuti ndidzauze mwana wanga za chaka chake, pamene mudzi wonse, mpaka ana osavala, unkadziwa chaka chimenecho kuposa ine. Anthu amene anandilandira ndi nthungululu dzulo lake onse ankadziwa. Palibe anandinamiza. Anangoona kuti munthu amene kulibe sauzidwa zonse, ndipo moyo unapitirira, maliro ake ndi maukwati ake, malo anga atatsekeka ngati madzi ukachotsamo mwendo.

"Ngakhale dzina analibe," ndinatero.

"Ali nalo. Khanda lotero salitcha dzina, koma ine ndinamutcha mumtima. Sindinauzepo munthu, ngakhale amayi."

"Ndiuzeni ine. Ndine bambo wake."

Anadzuka natunga madzi, nasenza ndowa yekha ndisanamuthandize.

"Mwati mubwerera liti ku Halale?"

"Fodya akamayamba kulowa m'shedi. Chimanga chisanaume."

"Mukakhala mpaka tikolole, ndidzakuuzani. Sindingapereke dzina lake kwa munthu wapaulendo. Anayenda kale mokwanira."

Mvula inagwa sabata yomweyo. Ndinalima, manja amene anazolowera mabelo anatuluka matuza. Galamafoni inalira mpaka singano zinatha, ndipo pa Nsaru panalibe pogula zina. Malita anayamba kundizolowera. Ankandibweretsera madzi kumunda akuimba nyimbo yake ija, ine n'kumangowerama ndi khasu. Nthawi ya fodya itakwana, Jelemiya anatumiza mawu kuti kapitawo akufunsa. Kenaka anatumizanso kuti malo anga apatsa mnyamata wa ku Dowa. Usiwa unabwerera m'nyumba monga ndinausiyira, msonkho uli pomwepo, ndipo sindiname kuti sindinkaganiza za msewu. Patapita zaka ziwiri ndinapitanso, ulendo uno ku mafamu, chifukwa njala siimva nyimbo. Koma chaka chimenecho ndinakhala.

Tinakolola m'nyengo yozizira. Tsiku lotsiriza ine ndinali m'nkhokwe, Nabanda pansi akundipatsira madengu. Atandipatsa lomaliza sanalisiye msanga. Anayang'ana uku ndi uku, Malita ali kutali akuthamangitsa nkhuku, nandiuza dzinalo motsitsa, kamodzi kokha.

Nabanda anamwalira zaka zapitazo. Malita anauzidwa zonse atabereka mwana wake woyamba, ndipo kuyambira pamenepo sanaimbenso nyimbo ija. Dzina lokha sanauzidwe. Wandifunsa kangapo, ndipo ndamulonjeza kuti sindipita nalo kumanda. Koma ndikati nditsegule pakamwa, ndimaona kuti ndi chinthu chokhacho cha mwana wanga wamwamuna chimene ndinachigwirapo, ndiye ndimati, mawa.