Chipinda Chopanda Zenera cha Pamalire

Kuseri kwa msika wa pamalire kuno ku Mwanza kuli bambo wina akuchititsa lendi manda. Iye akuti ndi zipinda. Nyumba ya mdadada, malata atsopano, zitseko zobiriwira. Musalowemo.

Ine ndinalowetsamo anthu. Alamu anga a Rozita atathawa nkhondo ku Zobue ndi mwana wawo Tomasi, kwathu kunachepa, ndiye ndinakawapezera chipinda kumeneko. Zenera linali lotsekedwa ndi njerwa. Timabowo ta mpweya pamwamba pa khoma anatimata simenti. Nditafunsa, eni nyumba anati akuba amawedza zovala ndi waya kudzera m'mabowomo.

Ine wogulitsa kaunjika ndinangoonapo ponenerera. "Chopanda zenera, bwana? Tsitsaniko." Anatsitsa osalimbalimba, ine n'kukadzitama kwa akazi anga. Katswiri wa msika wonse, kukondwera kuti wapeza bokosi la maliro lotchipa!

Kuzizira kwa Juni kutafika, alamu analowetsa mbaula m'nyumba monga tonse timachitira. Loweruka ndikupita kumsika ndinadzera konko. Dzuwa lakwera, chitseko chotseka. Ndinagogoda. Zii. Nditakankha ndi phewa, fungo la makala linandilandira, chizungulire pomwepo. Nkhuku yawo yofungatira pakona inali itauma gwaa pamazira. Tomasi anali lende ngati nsanza. Ine ndi oyandikana nawo tinawakokera panja onse awiri, iwo n'kuyamba kusanza. Kuchipatala anatiuza kuti makala amatulutsa mpweya wakupha wosaoneka ndi maso, ndipo tikanachedwa pang'ono bwenzi tikufuna makasu.

Masana omwewo ndinapita kwa eni nyumba. Pempho langa linali limodzi: tiboole khoma.

"Khoma langa?" anatero. "Nkhuku zimafa ndi chitopa, achimwene."

"Nanga mwanayo ndi chitopanso?"

"Anthu akutsidyawa amabwera ndi zawo. Mwina mizimu ya kwawo yawalondola."

Mizimu yosankha chipinda chopanda zenera? Mizimu yodikira Juni?

Ndinati mmisiri ndimulipira ndekha. Ine amene, munthu wonenerera ngakhale mtengo wa singano! Anangoseka. Akuti wofuna mphepo akagone kukampu ya othawa nkhondo, ofuna chipindacho ndi ambiri.

Ndinabwereka hamala, ndinagumula njerwa za pazenera. Lolemba katundu wa alamu anali panja. Pano tikupanikizana kwathu, kumene mphepo imalowa ngati kwawo. Sindidzaitukwananso.

Dzulo ine ndi alamu tinadutsa komweko. Bowo langa alitseka, simenti ikadali yaiwisi. Pakhomo panali mayi wina wakutsidya ndi ana atatu, akutsitsa katundu pa wilibala: mphasa, ndowa, mbaula. Alamu anamufotokozera zonse m'Chinyungwe, mpaka za nkhuku. Mayiyo anayang'ana ana ake, anayang'ana malata atsopanowo.

"Nanga tipite kuti?" anafunsa.

Ine wapakamwa ndinangomupempha kuti mbaula izigona panja. Anavomera ndi mutu, koma mwana wamng'onoyo anali akunjenjemera kale, dzuwa lisanalowe n'komwe.

Inu azaumoyo, mumayendera zimbudzi zathu n'kutikalipira za zivundikiro. Zipinda izi simukuziona? Mukudikira kudzawerenga mitembo?

Ndipo inu oyandikana nawo, Juni sanathe. Ndi chitseko chachitatu kuchokera kumsewu. Mukachiona chotseka dzuwa litatuluka, musavutike n'kugogoda. Thyolani.