Timawaya Tiwiri Aliyense

Chaka changa choyamba pa koleji ya zauphunzitsi tinkagona anayi m'chipinda chimodzi, ndipo tonse tinkalimbirana chingwe chimodzi. Kolejiyo inali pakati pa minda ya fodya ku Kasungu konkuno, pamalo otsika poti netiweki ya foni inkangodutsa pamwamba osatiyang'ana. Ukafuna kuimba foni unkakwera chulu cha kuseri kwa khitchini. Chotipulumutsa chinali intaneti ya koleji: chingwe chotuwa chotulukira pakhoma m'munsi mwa windo, kumapeto kwake kuli kamutu kapulasitiki kolowetsa m'kompyuta. Mu hositelo yonse ya akazi, zipinda zitatu zokha ndi zomwe zingwe zake zinkagwira ntchito, ndipo chathu chinali chimodzi mwa izo.

Vuto linali lakuti chingwe chotere sichilowa m'foni. Mwa anayife, laputopu anali nayo mmodzi yekha, mtsikana wa ku Mtunthama yemwe bambo ake anali ndi golosale. Iye ankalowetsa chingwecho mu laputopu n'kuyatsa hotisipoti, ife n'kulumikiza mafoni athu. Akangotseka laputopu, tonse tinkathima naye limodzi. Loweruka akapita kwawo kukathandiza m'golosale, tinkangochiyang'ana chingwecho chili lende pakhoma.

Wachiwiri anali mnzathu wokonda mafilimu. Sanali woipa mtima, koma pakamwa pake panalibe chitseko. Ukangomupatsa moni wabwino, iye ankakubwezera pasiwedi ya hotisipoti ija. Tikaisintha m'mawa, pofika masana anthu ali ndandanda kunja kwa windo lathu, atatsamira khoma ngati akuothera dzuwa, aliyense maso pafoni. Ife eni chipinda tikati titsegule tsamba limodzi lokha, kachizindikiro kankangozungulira mpaka munthu kuiwala chimene umafuna.

Wachitatu anali mayi wa ku Wimbe, wamsinkhu wa amayi anga, yemwe tonse tinkamuitana kuti amama. Anaphunzitsa zaka zambiri ngati mphunzitsi wongothandiza asanapeze malo ku koleji, komanso kwawo ankatsogolera kalabu ya alimi a fodya. Ankanyadira kuti thumba limodzi la fetereza ankaligawa ndi mbale kwa mabanja asanu popanda wong'ung'udza. Khalidweli anabwera nalo ku hositelo. Sopo wa mugugu ankamudula ndi ulusi pofanana, lalanje ankaliwerenga zigawo, ngakhale waya woyanikapo zovala anaumanga timfundo kuti aliyense adziwe malire ake. Sankapirira kuona anthu akukanganirana chinthu choti chingathe kugawika.

Wachinayi ndinali ine. Kwathu ku Njombwa ndinasiya mwana wamkazi wa zaka ziwiri m'manja mwa amayi anga, ndipo ndinkapita kukamuona pakatha milungu iwiri iliyonse. Chaka chotsatira tinkayenera kukakhala ku pulakitisi, chaka chathunthu tikuphunzitsa pasukulu ya pulayimale. Koleji inalengeza kuti aliyense asankhe yekha sukulu pa kompyuta, Lachitatu 2 koloko masana, ndipo woyamba kudina ndiye watenga malo. Tsamba losankhira linkatseguka pa intaneti ya koleji yokha, osati pa bandulo ya foni. Pamndandandapo panali sukulu ya pafupi ndi kwathu, yoti ndikanamapita wapansi n'kumagona ndi mwana wanga tsiku lililonse. Malo ake anali awiri okha, ndipo owafuna sindinali ndekha.

Lachiwiri masana ndinabwereka laputopu kuti ndiyeserere kutsegula tsambalo. Linakana. Nditasuzumira pawindo ndinapeza khamu lija lilipo, wina akuseka yekha ndi filimu. Ndinapsa mtima kwabasi. Ndinamuuza mnzathu wa mafilimu uja kuti mawa akangoyerekeza kupereka pasiwedi, foni yake ndikaiponya m'chimbudzi. Iye anayankha kuti chingwecho si cha agogo anga. Mwini laputopu anati ngati zili choncho aitsekera m'sutikesi, aliyense aone yekha chochita. Tinalankhulana mawu oti sindingawalembe pano.

Amama anamvetsera zonsezi atakhala pabedi pawo akusoka batani. Phokoso litachepa anafunsa mwini laputopu kuti kodi m'kati mwa chingwecho muli chiyani. Iye anati muli timawaya. Anafunsanso kuti tingati, iye n'kunena kuti sanawerengepo. Kenaka amama anatembenukira kwa ine.

"Musadandaule, mwana wanga. Mawa aliyense adzakhala ndi zakezake. Palibe adzakusokonezeni."

Ndinaganiza kuti alemba ndandanda ya nthawi n'kuimata pachitseko. Mpaka lero ndimadzida kuti sindinafunse.

Lachitatu m'mawa atatufe tinali ndi kalasi, koma gulu la amama linalibe. Titadya nkhomaliro tinathamangira kuchipinda, nthawi itangopitirira hafu pasiti wanu. Ine ndi amene ndinatsegula chitseko.

Chingwe chija amama anali atachisenda ngati nzimbe, kuyambira kumapeto mpaka pakhoma. Kamutu kaja anakadula bwinobwino ndi lezala n'kukaika m'sosa patebulo kuti kasasowe. Kuchokera pawindo, timawaya tinali titayala njira zinayi, iliyonse kulunjika kubedi la munthu. Pomwe tinaperewera analumikiza ndi waya wa wailesi, n'kumanga polumikizapo ndi ulusi wosokera fodya, mfundo zake zaudongo zedi. Kumapeto kwa njira iliyonse kunali kapepala kolembapo mwini wake. Amama anali chilili pakati pa chipinda, nkhope ili ngwee.

Anatifotokozera modekha, ngati akuphunzitsa ana a Sitandade 2. Anati atatsegula chingwecho anapezamo timawaya tisanu ndi titatu, ndipo opanga ake anali atatipota kale tiwiritiwiri, mitundu inayi: tobiriwira, tabuluu, tofiirira ndi taolenji. Kwa iwo umenewu unali umboni woti azungu opanga chingwecho ankadziwa kuti m'chipinda mumagona anthu anayi, kungoti palibe anatiuza. Kwawo ku Wimbe batire imodzi ya sola imayatsa mababu anayi, bola waya aliyense apite kwake, ndiye intaneti ingavute pati? Tchaja chawo anali atachidula kale n'kuchilumikiza ku timawaya tofiirira. Anavomereza kuti foni yawo sinayambe kuonetsa kanthu, koma anati mwina ikufuna nthawi kuti izolowere.

"Tobiriwirato ndi tanu," anandiuza akundigwira dzanja. "Ndasankha tosakandika n'komwe. Lero sankhani sukulu yanu mwamtendere."

Mutu wanga unaima. Ndinkafuna kukuwa, kutukwana, kugenda sosa ija pakhoma. Koma munthu amene analeredwa kwathu sakalipira mayi wa msinkhu umenewo, makamaka atakugwira dzanja. Chomwe chinatuluka m'kamwa mwanga ndi choti, "Zikomo, amama." Mawu amenewo amandipsetsa mtima kuposa chingwe chimene. Mwini laputopu anangokhala pansi n'kugwira kumutu, pomwe wa mafilimu uja anatuluka panja kukaseka.

Ndinathamangira kuzipinda ziwiri zija. China chinali chokiya, eni ake atadzitsekera m'kati osayankha kugogoda. M'chinacho munali anthu mpaka pakhomo, aliyense akuti iye ndi wotsatira. Ndinathamangira kulabu ya makompyuta, silipasi imodzi n'kuduka panjira. Mzere unali utatuluka pakhomo, kukhota pa mtengo wa mango, n'kukafika kuofesi. Amene analibe chingwe m'zipinda mwawo anali atayamba kuima m'mawa, ndipo sanadye n'komwe. Ife a chingwe tinkawaseka dzulo lake. Ndinayesa kupempha anyamata a kutsogolo kuti ndili ndi mwana wamng'ono, wina n'kundiyankha kuti iye ali nawo atatu.

Ndinakhala pa kompyuta cha m'ma 4 koloko. Sukulu ya kwathu inalibe malo, za pafupi ndi boma zinalibe malo, za m'mbali mwa msewu wa tala zinalibe malo. Zomwe zinatsala zinali za kumadzulo, kufupi ndi malire a Zambia, mayina ake oti sindinawamvepo. Ndinadina imodzi osaona bwino chifukwa cha misozi.

M'mawa mwake kunabwera mkulu wa makompyuta wa pakoleji. Anayang'ana ntchito ya amama nthawi yaitali, kenaka anadula zonse, n'kulowetsa timawaya tija m'kamutu katsopano, n'kufinya ndi kapulayala kake. Madzi a tiyi amene tinamutelekera anali asanawire pamene intaneti inabwerera. Ndikanakonda ntchitoyo ikanamutengera sabata, mwina mtima ukanatsikako. Ndinapita kuofesi kukadandaula, ndinafotokoza zonse mpaka za ulusi wa fodya. Anaseka, anandimvera chisoni, n'kundiuza kuti kompyuta yasankha kale ndipo iwo sangasinthe kanthu.

Amama anapepesa, zimenezo sindingawanamizire. Anandigwadira pamaso pa anzanga, zomwe zinandichititsa manyazi mpaka ine n'kuyamba kuwapepesa iwo. Koma sanavomereze kuti ganizo lawo linali lolakwika. Ankati kugawako kunali bwino, cholakwika chinali chakuti opanga chingwe sanalembe malangizo. Ndipo poti tsiku lija iwo anatanganidwa ndi kugawa osasankha sukulu, koleji inawaponya komwe kunatsala malo. Kunali kusukulu yanga yomwe ija. Tinapatsidwa nyumba imodzi, chipinda chimodzi, ndipo tsiku loyamba lomwe anajambula mzere ndi choko pansi kuti aliyense adziwe mbali yake.

Kumeneko galimoto inkabwera ikafuna. Mvula itayamba, mtsinje wa panjira unkadzaza masiku angapo osaolokeka, ndipo foni inkagwira pamwamba pa phiri lokha. Ndinkakwera phirilo Lamlungu tikaweruka kutchalitchi, koma mwana wa msinkhu umenewo salankhula pafoni, amangopumira m'menemo n'kuthawa. Amayi anga ankandiuza kuti ali bwino, akudya, wayamba kulankhula kwambiri. Teremu yonse yoyamba sindinapite kwathu ngakhale kamodzi.

Titatsekera ndinakwera lole ya chimanga mpaka pa boma, kenaka minibasi, kenaka kabaza. Ndinafika ku Njombwa dzuwa likupendeka, nditanyamula kadiresi kachikasu ndi mabisiketi. Mwana wanga ndinamupeza pakhonde akusewera ndi zitsekerero za mabotolo, atatalika, tsitsi atamuluka timizere. Ndinaika chikwama pansi n'kutambasula manja. Anandiyang'ana bwinobwino kuyambira kumapazi mpaka kumutu, anaimirira, napukuta manja m'kadiresi kake monga anamuphunzitsira agogo ake, n'kulowa m'nyumba osathamanga.

Ndinamumva akunena momveka bwino, mawu onse athunthu: "Agogo, kwabwera alendo."