Pati Yachiwiri Yafika, Achimwene

Achimwene, pati yachiwiri ya filimu ya ziphona zopulumutsa dziko ija yafika ku vidiyo sho ya pa Mitundu. Ndinakaonera dzulo ndekha. Ndewu zake n'zoopsa ndithu, koma ziphona zachuluka mpaka nkhani siikumveka. Mukanakhalapo mukanadandaula njira yonse.

Mukukumbuka titaonera yoyamba, chiphona chouluka chimene ndinkachikonda chitafa? Ndinatuluka nditakwiya, inu mukuseka: “Iwe Tiya, amenewa safa. Adzachidzutsa, udzandiuza.” Mu pati yachiwiriyi achidzutsadi, anthu mpaka kuwomba m'manja. Ine ndinatuluka filimu isanathe. Inu minibasi inakugundani pa Nathenje muli pa njinga yanu ya kabaza, dalaivala n'kuthawa, ndipo palibe chiphona chinabwera. Tinakuikani m'manda basi. Yanu ilibe pati yachiwiri.