Waya wa Kuseri kwa Nyumba ya Nurys

Ku Los Mina, dera lina la mumzinda, kunalibe munthu wosamudziwa Nurys Almonte, mayi wa mafilizesi. Ana akaweruka kusukulu ankaunjikana pa zenera lake ngati nyerere pa shuga, wina kufuna wa bwemba, wina wa kokonati, wina kungoyesa mwayi wa basera. Nurys anali ndi chidwi choopsa. Ankadziwa amene wagula mipando yatsopano, amene waima asananene yekha, ngakhale galu amene wagwira nkhuku ya mwini. Koma za m'nyumba mwake momwe ndiye ayi. Mita, mabatire oyatsira nyali magetsi akathima, silinda ya gasi, zonsezo zinali za mwamuna wake Radhamés, wa kabaza wa njinga yamoto, amene ankati waya ndi mkazi siziyenderana.

Ndiye Radhamés uja anachoka. Panalibe ndewu yoti aneba n'kutchera khutu. Anangoti akufuna akapume kaye, n'kutenga zovala, kanema ndi fani ya kuchipinda. Nurys ankauza anthu kuti amuna ndi momwemo, akatopa amabwerera okha, ndipo ankakhulupiriradi zimenezo. N'chifukwa chake bilu ya magetsi anaisiya m'dzina la mwamunayo, ngakhale mnzake Dilcia, wokazinga nthochi pa mphambano, ankamuumiriza kuti akasinthitse. Kwa Nurys, kufufuta dzinalo kunali kutseka chitseko munthu akadali panja.

Zina anaphunzira msanga, ndipo zinamukoma. Anadziwa kuti mabatire amamva ludzu, ndipo madzi a pampopi sawafuna. Anadziwa kutukula silinda n'kumva m'manja kuti gasi afika Lamlungu kapena ayi. Mpaka ankadziseka kuti zaka zonsezi ankaopa chiyani.

Bilu yokha ndi imene inakana kumveka. Munthu wachoka, kanema wapita, fani yapita, koma iyo inkangokwera mwezi ndi mwezi mpaka phindu la mafilizesi linkathera komweko. Ku ofesi ya magetsi anamuuza kuti mita sinama, komanso kuti nkhani yotere amakamba ndi mwini dzina yekha.

Loweruka lina masana, magetsi ali oyaka, anazimitsa chilichonse m'nyumba, ngakhale firiji yaikulu ya malonda, n'kukaima pa mita. Kanyali kofiira ka pa mitapo kankaphethirabe mothamanga. Anaitana Dilcia kuti adzaone.

"Amnzanga, mwina muli ndi mzukwa wokonda kusita," anatero Dilcia akupukuta manja pa epuloni. "Apo ayi, mukudyetsa mudzi wonse osadziwa."

Nurys sanakwiye. Chidwi chinamugwira ngati nyerere yalowa m'khutu. Anabwereka makwerero n'kukwera padenga, koyamba chibadwire. Ali pamwambapo anaona waya wina wochokera m'bokosi la magetsi, woyenda mobisala ndi khoma la kuseri, m'kampata kopapatiza komwe anthu sankadutsamo, kenako n'kukwera, n'kudumpha madenga a anthu. Anatsika n'kuyamba kuulondola ali mumsewu, maso ali m'mwamba, anthu n'kumamufunsa ngati wataya nkhunda.

Waya uja unakathera pa kanyumba ka mu msewu wa kuseri, kokhala ndi chikwangwani cha saluni. M'katimo azimayi anali atakhala pansi pa zipewa zoumitsira tsitsi, zikung'ung'udza zonse pamodzi. Panja, pamthunzi, panali njinga yamoto. Nurys anaizindikira ndi mpando wake kuti ndi ya Radhamés, poti anausoka yekha ndi ulusi wa nsapato.

Munthu wina akanabwerera pomwepo, kapena akanalowa ndi mwala. Nurys analowa ndi maso. Mwini saluni, dzina lake Yokasta, anamulandira ndi nsangala, osadziwa kuti ndani. Sanali mtsikana ayi, anali mayi wa msinkhu wake womwe, wa mawu ofatsa, ndipo zimenezo zinamupweteka kuposa akanakhala kamwana konyada. Yokasta anamuonetsa zipewa zatsopano zimene anagula posachedwa, n'kunena kuti iye za magetsi sazidziwa, amaona ndi bambo a m'nyumba. Nurys anayamikira zipewazo n'kunena kuti abwera tsiku lina.

Pobwerera ankadzilimbitsa mtima kuti ndi misala ya masiku ano, mwamuna wangotengeka, zidzatha. Anapanikizika m'kampata kaja kuti auone bwino wayawo, ndipo anadabwa kuti unali wobiriwira, ndendende mtundu wa khoma. Khirisimasi ikamayandikira aliyense ku Los Mina amapenta nyumba yake, ndipo sabwereza mtundu wa chaka chatha, aneba angamuseke kuti zavuta. Kwa iwo, kutsogolo ankapenta Nurys, koma kuseri Radhamés ankati kuli zinkhanira, apenta yekha.

Nurys anatenga mpeni wa kukhitchini n'kuyamba kupala wayawo pang'onopang'ono. Pansi pa wobiriwira panatuluka pinki. Pansi pa pinki panali wachikasu, umene anapenta chaka chimene mwana wawo Yanelis anamaliza sukulu, Radhamés atavina naye pa khonde mpaka thukuta. Pansi pa wachikasu panayamba kuoneka mtundu winanso. Apa Nurys analeka. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wake, panali chinthu chimene sanafune kuchidziwa. Anakhala pansi m'kampatamo n'kulira, osati kulira mwamuna, koma zaka zija ankadziyesa wodziwa nkhani za anthu onse.

Atadzuka anatsegula bokosi la magetsi. Munali kaswitchi kena kumapeto, kamene Radhamés ankati n'kakufa. Anakatsitsa. Kanyali ka pa mita kanaima. Anayatsa firiji yake, nasamba kumaso, n'kukhala pa zenera.

Sipanapite nthawi, kunamveka njinga yamoto imene anakhala akuidikira miyezi yonseyi. Radhamés anaima pa geti, chipewa chili m'manja, akumwetulira ngati mlendo.

"Make Yanelis, muli bwanji kuno?" anafunsa, koma maso ake anali pa bokosi la magetsi.

"Mwabwera, bambo a Yanelis. Ndinkawauza anthu kuti mudzabwera."

Radhamés anayamba kufotokoza kuti panali kachinthu kakang'ono kofunika kukonza, sachedwa ayi, angomutsegulira. Nurys anamuyang'ana nthawi yaitali, mwachidwi, ngati akumuona koyamba.

"Lolemba m'mawa tikumane ku ofesi ya magetsi," anatero. "Musaiwale chitupa. Akuti dzina amachotsa ndi mwini wake."

Geti sanatsegule.