A Gerevazio ndi Chithunzi cha Mwana Wosowa

Kuyambira ku Bembeke mpaka ku Chimbiya kunalibe munthu wosawadziwa a Gerevazio Chimkwita. Anali bambo wamfupi, wosalankhulalankhula, woyenda pa njinga yakuda, kamera ili m'khosi mkati mwa jekete kuopa fumbi. Kujambula anakuphunzira ku Lilongwe, kumene anagwira ntchito zaka zisanu ndi chimodzi m'sitolo yotsuka zithunzi. Atabwerera kumudzi anakwatira a Bernadetta, nayamba kuzungulira m'maukwati ndi m'maubatizo. Mulungu sanawapatse mwana. A Bernadetta ankalima kabichi ndi mbatatesi kudimba, pamene amuna awo ankajambula ana a anthu ena, ndipo pakatha milungu iwiri iliyonse ankakwera minibasi kupita ku Lilongwe kukatsukitsa mafilimu.

Mu Juni 1995, nyengo imene chifunga chimakuta mapiri mpaka dzuwa litakwera, m'mudzi woyandikana nawo munasowa mwana. Dzina lake linali Zione, wa zaka zisanu ndi ziwiri, mwana yekhayo wa a Anastazia. Anachoka m'mawa Lachitatu kupita kusukulu ndipo sanabwerenso. Sukulu inali itangokhala yaulere, ana anali mbwee pansi pa mitengo, moti mphunzitsi sanathe kunena ngati Zione anafika tsikulo kapena ayi. Amuna anafunafuna m'nkhalango ya paini, m'mitsinje ndi m'zitsime masiku atatu. Sanapeze ngakhale kope lake.

Apolisi atafuna chithunzi, kunapezeka kuti mwanayo anajambulidwa kamodzi kokha chibadwire, ndipo anamujambula anali a Gerevazio, masiku khumi asanasowe, pa ubatizo wa msuweni wake. A Gerevazio anachipereka okha kupolisi asanaitanidwe. Sabata yotsatira chinatuluka m'nyuzi: kamtsikana ka diresi la madontho, kataima kokha patsogolo pa mpanda wa udzu, manja onse pambali ngati msilikali.

A Anastazia anali atawauza kale apolisi za munthu amene ankamukayikira. Bambo a mwanayo, a Kenan, anali othawa nkhondo ochokera ku Mozambique. Anzawo atabwerera kwawo chaka chapitacho, iwonso anapita, ndipo anafuna kumutenga Zione, koma a Anastazia ndi alongo awo anakana, poti kuno mwana ndi wa kwa mayi. Apolisi anati kuti awoloke malire pafunika makalata ochokera ku likulu, ndipo makalatawo ankachedwa.

Nkhani ya bambo wotenga mwana wake sinawakomere anthu. Masiku amenewo pakamwa panali patangomasuka. Anthu amene anakhala zaka makumi atatu akuyang'ana kumbuyo asanalankhule tsopano ankanena chilichonse mokweza, ndipo nyuzi zinali zambirimbiri, zina za masamba anayi okha, zotuluka mwezi uno n'kufa mwezi wamawa. Wina anati anaona galimoto yoyera yopanda nambala. Wina anati ndi a Payoniya amene anathawira m'mapiri. Ena analoza mwini chigayo chatsopano. Ogulitsa tomato pamsewu ankauza okwera minibasi, okwerawo n'kukaisiya nkhaniyo ku Lizulu kapena ku Nathenje, madzulo n'kubwerera nayo itanenepa.

Kenaka nyuzi ina inasindikiza kalata yopanda dzina la woilemba. Inafunsa mafunso awiri okha. Munthu wopanda mwana amasungiranji zithunzi za ana ambirimbiri? Nanga ku Lilongwe amakasiyako chiyani milungu iwiri iliyonse? Dzina la a Gerevazio silinatchulidwe, koma kuderako wojambula anali mmodzi.

A Gerevazio anayamba kuzindikira ndi ana. Kale akamva belu la njinga ankathamangira kumsewu akufuula kuti awajambule. Tsopano ankathawira kuseri kwa nkhokwe, ndipo amayi ankatulukira pakhomo n'kuima osapereka moni. Lamulungu kutchalitchi, pa nthawi yopatsana mtendere, a Bernadetta anatambasula dzanja kwa mayi amene anakhala naye benchi limodzi zaka khumi. Mayiyo anawerama ngati akukonza nsalu.

"Akuti mumajambula ana, zithunzizo mumakaonetsa ogula, ogulawo amasankha," anatero a Bernadetta ali m'njira yobwerera kunyumba. "Musapite ku Lilongwe sabata ino."

"Ndikapanda kupita, adzati ndabisala," anayankha a Gerevazio. "Komanso za ukwati wa ku Chimbiya zija anthu akudikira."

Anapita Lachisanu, nagona kwa mbale wawo, ndipo Loweruka masana anatsika pa Chimbiya ndi chikwama chodzaza maenvulopu. Linali tsiku la msika. Asanawoloke msewu anamva wina akuti, "Ndi ameneyo." Sanatembenuke. Anamva mapazi akuwatsata, kenaka dzanja linagwira chingwe cha chikwama n'kukoka. Chingwe chinaduka. Zithunzi zinamwazika pansi pakati pa milu ya anyezi: akwati, nkhalamba, makanda, ana asukulu.

Bambo wina anatola chimodzi n'kuchitembenuza. Kumbuyo kwa chithunzi chilichonse a Gerevazio ankalembako nambala, kuti wina akafuna china asavutike kupeza filimu yake.

"Onani! Walemba mitengo! Mwana uyu ndi sikisite!"

"Si mitengo, abale anga, ndi nambala ya filimu," anatero a Gerevazio, koma iwo eni sanawamve mawu awo. Anthu anali atawazinga. Nkhope zina ankazidziwa bwino, anali atazijambulapo zikumwetulira. Mayi wina anapeza chithunzi cha mwana wake nayamba kulira mokweza ngati mwanayo wafa kale. Chibakera chinawapeza pakhutu, anagwa chogwada, ndipo m'kamwa munadzaza dothi. Ali pansi pomwepo anaona pakati pa miyendo ya anthu tayala lakutha likugudubuzidwa kubwera kumene anali, wina akufuula kuti abweretse parafini. Chaka chimenecho anali atamva za akuba awiri amene anawotchedwa choncho mumzinda. Anayesa kuyamba pemphero koma anaiwala mawu ake. Mkodzo unatsika wokha.

Anawapulumutsa ndi a Alufeo, dalaivala wachikulire wa minibasi imene anatsikamo. Iwo analiza hutala osalekeza, nalowetsa minibasi pang'onopang'ono pakati pa gululo mpaka anthu anapatuka. Anatsika, nawanyamula a Gerevazio m'khwapa, n'kuwaponya pa mpando wakutsogolo.

"Ngati ndi wakuba ana, ndikukamusiya kupolisi ndekha," anafuula a Alufeo. "Wofuna umboni akwere!"

Palibe anakwera. Mwala umodzi unaswa galasi lakumbuyo minibasi ikunyamuka.

Apolisi anawasunga masiku anayi, ati powateteza. Anawafunsa mafunso omwe aja a m'nyuzi, napita kukasecha nyumba. Anthu ataona galimoto ya polisi pakhomo anati basi zatsimikizika. Tsiku lotsatira a Bernadetta anapeza kabichi yense kudimba atakhapidwa ndi zikwanje, mitu ili mbwerekete m'ngalande. Anabwerera kunyumba, natseka chitseko dzuwa likuswa mtengo, nakhala pansi kuseri kwake. Akamva mapazi panja ankagwira mpweya mpaka mapaziwo atadutsa.

A Gerevazio atatuluka, khutu limodzi silinkamvanso. Anakhala m'nyumba sabata yathunthu. Tsiku lina m'mawa kunamveka odi, ndipo atasuzumira pazenera anaona a Anastazia ndi mlongo wawo wamkulu, a Ignasio. Anaganiza kuti kumbuyo kwawo kuli gulu.

Anali awiri okha. A Anastazia anali ataonda, maso atalowa m'kati. Anakana mpando, nakhala pansi pakhonde.

"Ine sindinanenepo kuti ndinu," anatero. "Ndimawauza kuti mwana ali kwa bambo ake, koma amandiyankha kuti chisoni chandisokoneza mutu. Achimwene akuti awoloke okha, makalata atopa nawo. Koma kumudzi kwa a Kenan sitikudziwako. Dzina la dera lokha ndi limene tikulidziwa."

"Chithunzi cha m'nyuzi chija n'chakuda, munthu sangamuzindikire," anawonjezera a Ignasio. "Tikupempha chenicheni."

A Gerevazio analowa m'nyumba. Anali ndi cha Zione, komanso anakumbukira kuti zaka zinayi zapitazo anajambula amuna othawa nkhondo atatha kufolera tchalitchi chaching'ono cha kumudzi. Anafufuza m'katoni mpaka anachipeza. A Kenan anali wachitatu kuchokera kumanzere, atagwira hamala.

"Ndipita nanu," anatero.

A Bernadetta anawagwira malaya. "Mukapezeka naye mwanayo, adzati munadziwa kumene munamusiya."

"Akapanda kupezeka, tsiku lina adzabwera ndi tayala pakhomo pano."

Ananyamuka pa njinga ziwiri. Malire ake ndi msewu chabe, koma kutsidya kunali dziko lina: nyumba zopanda madenga, makoma obowoka ndi zipolopolo, minda yomera tchire. Mayi wina amene anamufunsa njira anawachenjeza kuti asapatuke ngakhale phazi limodzi, ngakhale pofuna kutaya madzi, chifukwa mabomba okwirira anali akadali m'nthaka. Kuyambira pamenepo a Gerevazio ankayang'ana tayala la a Ignasio lokha, n'kumaponda momwe laponda. Pena njira inkagawikana, ndipo ankaima nthawi yaitali osadziwa kolowera, mpaka patadutsa munthu.

Anayenda masiku atatu akuonetsa zithunzi ziwirizo m'misika ndi pa zitsime. Ambiri ankapukusa mutu. Ena ankawayang'ana mokayikira, alendo awiri ofunsa za mwana. Tsiku lachitatu mphunzitsi wina wa katekisimu anayang'anitsitsa chithunzi cha amuna aja, naika chala pa munthu wa hamala, nawalozera njira ya kumudzi kumene ankakhala.

Zione anamupeza akusenza kachidebe ka madzi, tsitsi litametedwa, atavala juzi la munthu wamkulu. Ataona a Ignasio anaponya chidebe nathamanga akufuula, "Amalume!" A Kenan sanakane. Anati anamudikira panjira ya kusukulu, namukweza pa njinga, pomuuza kuti akukaona agogo ake. Atamva zimene zinachitika ku Chimbiya sanathe kuwayang'ana a Gerevazio kumaso. Akuluakulu a mpingo wa kumeneko anakambirana nkhaniyo tsiku lonse, ndipo m'mawa mwake mwana anakwera pa njinga ya amalume ake.

Kumudzi kunali nthungululu ndi misozi. Nyuzi imene inasindikiza kalata ija inali itasiya kale kutuluka, ndipo zinazo sizinalembe kanthu. Anthu ena anabwera kudzapepesa, wina anabweretsa nkhuku. Koma pasanathe mwezi zimene ananena a Bernadetta zinachitikadi. M'minibasi munayamba kumveka kuti wojambula uja anachita mantha n'kukamuwombola mwanayo kwa ogula, ndipo a Kenan angowanamizira. A Anastazia anaimirira m'tchalitchi kufotokoza zonse, Zione ali pambali pawo, koma ku Chimbiya kunalibe amene anawamva.

A Gerevazio sanatsikenso pa Chimbiya moyo wawo wonse. Minibasi ikaima pamenepo ankaweramitsa mutu ngati akugona, chikwama atachikumbatira pamimba. Ntchito anaiyambiranso patapita miyezi isanu, chifukwa ntchito ina sankaidziwa, koma anaika lamulo limodzi: mwana sankamujambula yekha. Mayi akabwera ndi mwana wovala bwino n'kumuimika patsogolo pa maluwa, iwo ankatsitsa kamera.

"Imani naye, mayi."

"Ine sindinasambe, a Chimkwita, ndachokera kudimba."

"Palibe kanthu. Mugwireni dzanja."

N'chifukwa chake m'nyumba zambiri za kuderako, zithunzi za ana a zaka zimenezo zili ndi mayi pambali, wina ali ndi matope kumapazi, wina akubisa nkhope ndi nsalu chifukwa cha manyazi. A Gerevazio anamwalira mu 2003 atadwala chifuwa miyezi iwiri. Kamera yawo a Bernadetta anaipereka kwa mwana wa mchemwali wawo wa ku Ntcheu.